Chitsamba Chimene Chili M'kati mwa LA

Aliyense amene anadwalapo malungo ku Malawi kuchokera chakumapeto kwa 2007 amawadziwa mapiritsi achikasu aja a LA. Munthu wamkulu amapatsidwa 24, kuti azimwa anayi m'mawa, anayi madzulo, kwa masiku atatu. M'piritsi lililonse muli mankhwala awiri. Amene amalipatsa mtundu wachikasuwo ndi lumefantrine, wopangidwa m'fakitale kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mnzake ndi artemether. Iyeyu ndi wochepa, mamiligalamu 20 okha pamene lumefantrine ndi 120, koma ndi amene amathyola kutentha kwa thupi tsiku loyamba kapena lachiwiri. Gwero lake ndi m'munda. Kuti piritsilo lifike m'manja mwa wodwala, pali mlimi wina kutali amene anafesa, kuthirira, kuwokera, kupalira, kudula ndi kuyanika chitsamba chimene akatswiri a zomera amachitcha Artemisia annua, Atchaina amati qinghao, ndipo kuno anthu amangoti atemisiya.

Ukamuona m'munda sungamupatse ulemu. Amakula chaka chimodzi n'kufa. Amatalika mamita awiri kapena kuposerapo, masamba ake ndi ang'onoang'ono ogawikanagawikana, ndipo ukawafikisa m'manja amatulutsa fungo lamphamvu, koma pakamwa amawawa koopsa. Kwawo ndi kumadera ozizirirapo a ku Asia, kumene amangodzimerera m'mbali mwa misewu, m'mabwinja ndi m'mphepete mwa mitsinje. Chitsamba ichi sichipereka mphamvu yake kwa munthu wochigwira mwachisawawa. Mtundu wake, malo amene chamera, tsiku lodula, kakonzedwe kake: chimodzi mwa izi chikaphonyeka umatsala ndi masamba onunkhira basi. N'chifukwa chake panapita zaka zoposa 1,600 kuchokera pamene munthu analemba koyamba kuti chimachiza malungo kufikira pamene dziko linamukhulupirira.

Zolemba zakale kwambiri zotchula qinghao zinapezeka m'manda. Mu 1973 akatswiri ofukula zakale anatsegula manda ena ku Mawangdui, pafupi ndi mzinda wa Changsha, amene anatsekedwa m'chaka cha 168 Yesu asanabadwe, ndipo anapezamo nsalu za silika zolembedwa za mankhwala. Qinghao alimo, koma ngati mankhwala a nthenda ya mudzi. Za malungo zinadzatuluka patapita zaka pafupifupi 500, cha m'ma 340, m'kabuku ka Ge Hong. Mkuluyu moyo wake wonse ankafunafuna mankhwala oti munthu asamafe, ndipo amenewo sanawapeze, koma anasonkhanitsanso njira zotsika mtengo zothandizira munthu wodwala mwadzidzidzi ali kutali ndi sing'anga. Pa nthenda ya kutentha thupi kobwera n'kumapita, iye analangiza kuviika chitsamba chachiwisi m'madzi, kuchifinya, wodwala n'kumwa msuziwo. Za moto sanatchulepo. Apa m'pamene panali kusiyana, pakuti mankhwala ambiri azitsamba ku China, monganso kuno, amawiritsidwa.

Mibadwo yotsatira inachita zimene inazolowera. Inkaumitsa masamba n'kumawiritsa pamodzi ndi zitsamba zina. Kunalinso chisokonezo china: pali zitsamba ziwiri zapachibale zofanana kwambiri, china chobiriwira mwakuda, china chotuwirako chamaluwa achikasu. Ngakhale Li Shizhen, amene buku lake lalikulu la mankhwala linasindikizidwa mu 1596, sanaithetse nkhaniyo, ndipo pamapeto pake dzina lotchuka la qinghao linkagwera kawirikawiri chitsamba chimene chilibe mphamvu yolimbana ndi malungo. Mu 1693 mfumu yaikulu ya China, Kangxi, inadwala malungo, asing'anga a kunyumba yachifumu n'kulephera. Anaichiritsa ndi ansembe a gulu la Jesuit ochokera ku France, pogwiritsa ntchito makungwa a mtengo wa cinchona wa ku South America, umene pambuyo pake anthu anatulutsamo kwinini. Mfumu inachira ndi makungwa owoloka nyanja, chitsamba chokhoza kuichiza chikumera m'dziko lake lomwe.

Imene inadzutsa nkhaniyi ndi nkhondo ya ku Vietnam. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 tizilombo ta malungo ta m'malire a Thailand ndi Cambodia tinayamba kupima chloroquine, ndipo nkhondo itakula, asilikali a mbali zonse ziwiri ankagwa ndi malungo m'nkhalango. Amerika anapereka ntchitoyi ku Walter Reed, malo awo ofufuzira za umoyo wa asilikali, kumene anayesa mankhwala oposa 200,000 n'kupezamo mefloquine. North Vietnam inapempha thandizo ku China. Pa 23 May 1967 ku Beijing kunachitika msonkhano wachinsinsi, ndipo ntchito imene inabadwa pamenepo inatchedwa 523, kutengera tsikulo. Inasonkhanitsa akatswiri oposa 500 ochokera m'malo ofufuzira pafupifupi 60. Inali nthawi yoipa kukhala munthu wophunzira ku China: masukulu aukachenjede anali otseka, aphunzitsi akunyozedwa pagulu, ena akutumizidwa kukalima kumidzi. Kwa ena mwa akatswiriwa, ntchito ya 523 inali pothawira.

Mu January 1969 mayi wina wazaka 38, Tu Youyou, wa kumalo ofufuzira za mankhwala achikhalidwe ku Beijing, anaikidwa kutsogolera kagulu koona za zitsamba. Analibe digiri yaudokotala, sanaphunzirepo kunja, ndipo mwamuna wake anali atatumizidwa kumudzi, moti ana ake awiri anawasiya m'manja mwa ena. Iye ndi anzake anafufuza m'mabuku akale ndi kufunsa asing'anga, n'kusonkhanitsa njira zochizira zoposa 2,000. Anayesa pa mbewa zamalungo zotsukuluza zochokera ku zitsamba pafupifupi 200. Qinghao nthawi ina ankaonetsa mphamvu, nthawi ina ayi, mpaka anatsala pang'ono kumutaya. Atabwereranso ku kabuku ka Ge Hong, Tu anaganiza kuti mwina moto ndi umene ukuwononga zinthu. Anasiya kuwiritsa m'madzi ndi m'mowa wa m'labotale, n'kutenga ether, amene amawira pa madigiri 35 okha. Pa 4 October 1971 chotsukuluza cha nambala 191 chinapha tizilombo tonse m'magazi a mbewa, kenako chinachitanso chimodzimodzi mwa anyani.

Mafakitale a mankhwala anali ataima, choncho anaviika masamba ochuluka m'mitsuko ikuluikulu yosungira madzi pakhomo, m'zipinda zosapita mphepo, ndipo Tu anadwala chiwindi chifukwa cha mpweya wa ether. Mu 1972 iye ndi anzake awiri anamwa okha mankhwalawo kuti aone ngati sangaphe munthu, asanapite nawo ku chilumba cha Hainan kumene odwala 21 anathandizidwa. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anapatula timiyala toyera, mankhwala enieniwo, amene lero timati artemisinin.

Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel mu 2015, ndipo anaiyenera. Komabe madandaulo a anzake ena ku China ali ndi mutu. Kagulu ka ku Yunnan ndi ka ku Shandong kanapatulanso mankhwalawa paokha mu 1973, ndipo amene anasonyeza kuti amadzutsa munthu wokomoka ndi malungo a m'bongo ndi dokotala Li Guoqiao wa ku Guangzhou, mu 1974. Chinanso chimene anthu amaiwala n'chakuti atemisiya womera kufupi ndi Beijing anali wosauka, ankatulutsa mankhwala ochepa kwambiri. Ntchito inayenda pamene ofufuza anapeza kuti chitsamba chomwecho, chikamera m'mapiri a kumwera chakumadzulo, makamaka m'boma la Youyang, chimakhala ndi mankhwala ochuluka kangapo. Anthu a kumeneko ankangochithyola kutchire. Mpaka lero Youyang, amene tsopano ali pansi pa mzinda wa Chongqing, ndi limodzi mwa malikulu a ulimi umenewu.

Dziko linachedwa kumva. Lipoti loyamba m'Chingerezi linatuluka mu 1979, lopanda mayina a olemba, ndipo akatswiri a kumayiko a azungu analikayikira: mankhwala ochokera m'kabuku kakale, opezedwa ndi boma lachikomyunizimu, okhala ndi kapangidwe kachilendo kamene ambiri ankati sikangakhalitse. Atchaina nawonso sankafuna kupereka mbewu kapena njira yawo kwa asilikali a Amerika. A ku Walter Reed anachita kufunafuna okha, n'kupeza atemisiya akumera m'mphepete mwa mtsinje wa Potomac, kufupi ndi likulu lawo lomwe. Amene sanadikire chilolezo cha wina ndi a ku Vietnam. Mu 1991 malungo anapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo. Boma linalimbikitsa alimi a kumpoto kudzala atemisiya, linamanga mafakitale ake, linagawa mankhwalawa pamodzi ndi maneti onyikidwa, ndipo zaka khumi zisanathe imfa zinatsika kufika pansi pa 200 pachaka.

Artemisinin ali ndi chilema chimodzi. Amapha tizilombo mofulumira kuposa mankhwala ena onse a malungo, koma m'thupi sakhalitsa, pakangopita maola ochepa wachoka. Ukamwa yekha kwa masiku atatu, tizilombo tochepa totsala timachulukananso, malungo n'kubwerera. Yankho linali kum'phatikiza ndi mankhwala ena ochedwa kutuluka m'thupi, kuti azisesa zotsalazo. Zhou Yiqing ndi anzake kumalo ofufuzira a asilikali ku Beijing anaphatikiza artemether ndi lumefantrine, ndipo kampani ya ku Switzerland imene lero ndi Novartis inatenga ntchitoyo n'kutulutsa Coartem chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nthawi imeneyo ku Africa zinthu zinali zitaipa. Chloroquine anayamba kulephera ku Kenya ndi Tanzania mu 1978, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga SP, uja tinkamuti Fansidar. Naye SP sanapite patali. Mu 2001 bungwe la WHO linalangiza mayiko kuti asamukire ku mankhwala ophatikiza okhala ndi artemisinin. Chigawo cha KwaZulu-Natal chinayamba chaka chomwecho, Zambia inasankha Coartem mu 2002, ndipo Malawi linatsatira mu December 2007. Funso linali lakuti: masamba okwanira kontinenti yonse achokera kuti?

Mlimi wa fodya sangavutike kumvetsa ntchito ya atemisiya, chifukwa imayambira pa nazale ndipo imathera pa sikelo ya wogula mmodzi. Njere zake n'zazing'ono zedi, zoposa 10,000 pa galamu imodzi. Sungazifese ndi dzanja zili zokha. Amazisakaniza ndi mchenga wosefa kapena phulusa, n'kuwaza pamwamba pa bedi la dothi lofewa bwino, osakwirira, chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Kuthirira kwake n'kosamala: madzi a m'kheni ya mabowo aakulu amakokolola njere zonse n'kuziunjika pangodya. Pakatha sabata imodzi timbande timaoneka, tating'ono moti munthu wosazolowera amatiyesa ndere. Masabata oyambawa ndi amene amapha alimi mtima. Bedi likauma tsiku limodzi timbande tapsa, likanyowa kwambiri taola m'tsinde. Tikathithikana amatipatulira m'timachubu, ndipo pakapita masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, mbande zitafika kutalika kwa chikhatho, amakaziwokera kumunda nthaka ili yonyowa, motalikirana pafupifupi mita imodzi.

Miyezi iwiri yoyamba kumunda, mdani wamkulu ndi udzu. Atemisiya amayamba mwaulesi, ndipo ukachedwa kupalira amamira. Akangotseka mizere, udzu sumuthanso. Amakonda manyowa ndi feteleza wokulitsa masamba, sakonda madzi odikha, ndipo tizilombo tomugwira si tambiri, kupatula chiswe ndi mphutsi zodula mbande zikadali zanthete.

Vuto lalikulu pomubweretsa kumayiko otentha silinali dothi kapena mvula. Linali dzuwa. Atemisiya amawerenga kutalika kwa usana. Kwawo, m'miyezi yotentha usana umafika maola 14 kapena 15, ndipo nthawi yonseyo iye amangokula ndi kuchulukitsa masamba. Usana ukafupika kufika pa maola pafupifupi 13 ndi theka, amadziwa kuti chisanu chayandikira, amasiya kukula n'kuyamba maluwa. Tsono kuno kwathu usana sufika n'komwe pamenepo. Ku Lilongwe, ngakhale mu December, umangoyandikira maola 13, ndipo ku Kenya ndi Uganda umakhala pa maola 12 chaka chonse. Mbewu yotengedwa ku China ikadzalidwa m'madera otere imachita maluwa ikadali m'mawondo, masamba ake osadzaza ndi dengu lomwe. Ludzu, kapena mbande kukhalitsa m'chubu mizu n'kupotana, nazonso zimafulumizitsa maluwa.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndi obereketsa mbewu. Kumalo ofufuzira a Mediplant, m'tauni ya Conthey ku Switzerland, anakwatitsa mitundu ya ku China ndi ya ku Vietnam, imene inazolowera kale usana waufupi, n'kupeza haibulidi yochedwa kuchita maluwa yotchedwa Artemis, ya mankhwala opitirira gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwa masamba ouma. Ku Campinas, m'dziko la Brazil, anachitanso ntchito yofanana, ndipo pambuyo pake yunivesite ya York ku Britain inatulutsa mitundu yake. Ngakhale ndi mbewu zimenezi, atemisiya amachita bwino kumtunda kozizira, mamita 1,000 kupita m'mwamba. Ndipo poti ndi haibulidi, njere zobwezera zimabwerera m'mbuyo: zina zimachita maluwa msanga, zina mankhwala ake amachepa. Wofuna kusunga mtundu wabwino amadula nsonga za nthambi n'kuzizika mumchenga wonyowa pamthunzi mpaka zitamera mizu.

Mankhwalawo sakhala m'mizu, ndipo m'thunthu ndi ochepa kwambiri. Amakhala m'timatumba tosaoneka ndi maso tomera pakhungu la tsamba ndi la duwa. Timatumbati timadzaza pamene chomera chatsala pang'ono kumasula maluwa, patapita miyezi inayi kapena isanu chiwokerereni, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yodula. Ukafulumira wataya kulemera, ukachedwa masamba a m'munsi ayoyoka. Amadula chomera chonse patsinde, kuchiyanika masiku angapo, kenako kuchipuntha pa lona kuti masamba asiyane ndi mitengo, kusefa, n'kuthira m'matumba. Mvula ikagwa pa zoyanikazo masamba amada n'kuchita nkhungu. Kufakitale amayamba ayeza kuchuluka kwa mankhwala asanatchule mtengo, kenako amaviika masambawo mu hexane kuti atulutse artemisinin. Tani yathunthu ya masamba ouma imapereka makilogalamu apakati pa 5 ndi 10, koma kilogalamu imodzi yokha imakwanira kuchiza akuluakulu oposa 1,000.

Kuchokera tsiku lofesa kufika tsiku limene piritsi lalowa m'bokosi pamapita miyezi pafupifupi 14, ndipo mavuto onse a msika wa mbewu imeneyi agona pamenepa. Mu 2004, akatswiri ena atadzudzula poyera WHO ndi thumba la Global Fund kuti akugulirabe mayiko osauka mankhwala otha mphamvu, ndalama zinatembenukira ku mankhwala atsopanowa. Maoda anakwera mwadzidzidzi, masamba kulibe. Chakumapeto kwa chakacho Novartis inalengeza kuti siikwanitsa. Mtengo wa artemisinin unadumpha kupitirira madola 1,000 a ku Amerika pa kilogalamu. Ku China ndi ku Vietnam anthu anathyola wakutchire yense, ena asanakhwime, ndipo alimi zikwizikwi anazula mbewu zina n'kudzala atemisiya. Ku East Africa, kumene kampani ya East African Botanicals inali itayesa kale mbewuyi kufupi ndi Arusha m'zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono a ku Tanzania, Kenya ndi Uganda analowa m'makontilakiti. Fakitale inamangidwa ku Athi River, kufupi ndi Nairobi, ina ku Kabale m'mapiri a Uganda. Ku Madagascar kampani ya Bionexx inayamba mu 2005, n'kumagwira ntchito ndi alimi a kumtunda, ambiri a iwo akudzala m'minda ya mpunga mpunga ukachoka.

Onsewa anakolola nthawi imodzi. Pofika 2007 mtengo unagwa kufika pansi pa madola 200. Mafakitale ambiri ku China anatseka, ndipo ku East Africa alimi ena anadikira malipiro miyezi yambiri, ena osapeza wogula n'komwe. Chimanga chikatsika mtengo umadya, mtedza umasinjira ndiwo. Matumba a atemisiya ukhala nawo pakhonde mpaka mphamvu yake itatha. Chaka chotsatira alimi ambiri anakana kudzalanso, masamba anasowa, ndipo pofika 2011 mtengo unali utabwereranso kufupi ndi madola 1,000, anthu n'kuthamangiranso kumunda. Amene ankalakwa si mlimi. Iye ankangoyankha mtengo umene wauona. Ogula akuluakulu, amene ankadziwa bwino kuti ana adzadwala malungo chaka chamawa monga anadwalira chaka chino, ankaika maoda a chaka chimodzichimodzi, mochedwa, ndipo chiopsezo chonse chinkatsikira kwa munthu wa theka la ekala.

Ena anaganiza zongomuchotsa mlimiyo. Jay Keasling wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anaika majini a atemisiya mu yisiti, kuti yisitiyo akamadya shuga azitulutsa asidi amene amasandutsidwa artemisinin. Bungwe la Bill ndi Melinda Gates linathirapo madola oposa 40 miliyoni mu 2004, ndipo mu April 2013 kampani ya Sanofi inatsegula fakitale ku Garessio m'dziko la Italy. Manyuzipepala analemba kuti nthawi ya minda yatha. Koma wa yisitiyo ankagulitsidwa madola 350 mpaka 400 pa kilogalamu, pamene wa m'munda, chifukwa cha zokolola zochuluka za zaka zimenezo, anali atatsika pansi pa 250. Mu 2015 fakitaleyo sinapange kanthu, ndipo chaka chotsatira inagulitsidwa. Khasu linapambana, koma linapambana chifukwa thukuta la mlimi wa ku Youyang ndi wa ku Madagascar n'lotsika mtengo, ndipo chimenecho si chinthu choimbira m'manja kwambiri.

Pali njira ina imene chitsambachi chinalowera mu Africa, yosadzera kufakitale. Bungwe la anamed, loyambitsidwa ndi katswiri wa zamankhwala wa ku Germany Hans-Martin Hirt, amene anagwirapo ntchito ku Zaire, linayamba kugawa mbewu ya mtundu wotchedwa A-3 kudzera m'mipingo ndi m'magulu a m'midzi, n'kumaphunzitsa anthu kudzala kuseri kwa nyumba ndi kumwa masamba ngati tiyi. Maganizo ake ndi omveka kwa aliyense amene anayendapo mtunda wautali ndi mwana wotentha kumsana n'kukapeza kuchipatala mankhwala atha. Koma ofufuza atayeza, anapeza kuti lita ya tiyi wotere imakhala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo umene wodwala amafunika patsiku. Pa kafukufuku wina ku Congo, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, odwala ambiri anapeza bwino msanga, koma ambirinso malungo anawabwerera patangopita masabata ochepa. Kuwonjezera apo, tsamba la kuseri kwa nyumba palibe amene analiyeza. Lingakhale la mbewu yobwezera kachitatu, lodulidwa mochedwa, losungidwa padzuwa. Ena amasokonezanso ndi Artemisia afra, m'bale wake womera yekha m'mapiri a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, amene Azulu amati umhlonyane, wothandiza pa chimfine koma wopanda artemisinin woti n'kutchula. WHO inakana njira ya tiyi mu 2012, n'kubwerezanso mu 2019. Mu April 2020 pulezidenti wa Madagascar wa nthawiyo, Andry Rajoelina, anaonjezera chisokonezo potulutsa chakumwa cha atemisiya chotchedwa Covid-Organics, chimene ankati chimachiza Covid-19 popanda umboni wa kafukufuku.

Ine ndili kumbali ya okana tiyi, makamaka kwa mwana ndi mayi woyembekezera. Chifukwa choyamba ndi mwanayo: kutentha kukatsika makolo amaganiza kuti wachira, tizilombo tikadali m'magazi. Chachiwiri chimakhudza tonse. Tizilombo tikamakumana ndi mankhwala ochepa osatha kutimaliza, totsala ndi tija tolimba, ndipo ndi timene udzudzu umatenga kupita nato kwa mnansi. Ku Pailin, kumadzulo kwa Cambodia, dera lomwelija kumene chloroquine anayambira kulephera, anthu anamwa artemisinin yekhayekha kwa zaka zambiri, nthawi zina wachinyengo, nthawi zina osamaliza. Mu 2008 ndi 2009 ofufuza anatsimikiza kuti tizilombo ta kumeneko tikuchedwa kufa. WHO inali itauza kale makampani mu 2006 kuti asiye kugulitsa mapiritsi a artemisinin wosaphatikiza, koma kumeneko kunali kutachedwa. Mu 2014 anapeza jini yosinthika imene imachititsa zimenezi, yotchedwa kelch13, ndipo chiyambire pamenepo akhala akuilondola. Inapezeka ku Rwanda mu 2020, kumpoto kwa Uganda mu 2021, kenako ku Eritrea ndi kumpoto chakumadzulo kwa Tanzania. Sikuti inachokera ku Asia. Inabadwira mu Africa momwemuno.

Mapiritsi ophatikiza akuchizabe, chifukwa lumefantrine akugwirabe mbali yake, koma katundu amene wasenza wakula. Mu November 2022 WHO inatulutsa ndondomeko yothana ndi vutoli mu Africa, ndipo zina mwa zimene zikuyesedwa ndi kusinthasintha mitundu ya mankhwala m'dziko limodzi komanso kuphatikiza atatu m'malo mwa awiri. Mu November 2025 Novartis inalengeza kuti mankhwala atsopano, ganaplacide wophatikiza ndi lumefantrine, amene mulibe tsamba la atemisiya ngakhale pang'ono, achita bwino mofanana ndi Coartem pa kafukufuku wamkulu m'mayiko a mu Africa. Akavomerezedwa n'kutsika mtengo, alimi a ku Youyang ndi a kufupi ndi Fianarantsoa ku Madagascar adzataya gawo la msika wawo, ngakhale si lonse. Jakisoni wa artesunate, amene amabayidwa mwana wokomoka kapena wogwidwa ndi linjirinjiri, amachokerabe ku tsamba lomwelo. Kafukufuku wa mu 2010 pa ana oposa 5,000 m'mayiko asanu ndi anayi a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, anasonyeza kuti jakisoniyu amachepetsa imfa ndi magawo 22 pa 100 poyerekeza ndi kwinini, ndipo mpaka pano palibe wina womulowa m'malo.